Mchenga wa ku Ilambo

Arusha, 12 Julaye 1998

Okondedwa amake Bupe,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chandilowa m'mawondo. Kalata yanu ndinailandira Lachitatu kwa kondakitala wa basi ya ku Mbeya. Kwa yemweyo ndapereka ndalama ya yunifolomu ya Bupe ndi bulangete la amayi. Ndati la amayi, lisakathere pabedi pa Lusajo. Khofi musagulitse kwa anthu oyenda ndi sikelo aja, dikirani mtengo ukwere.

Tsono nkhani ya amayi anu ndaiwerenga kawiri konse. Mukuti chifuwa chawafooketsa, ndipo akuti sangatsikire kumanda mwana wawo asanabwere kwawo. Ndikumva. M'manda a alamu anga a Gwakisa tinaikamo thunthu la nthochi chifukwa madzi sanatibwezere thupi, ndiye amayi akufuna mchenga wodzaza dzanja wa pamalo pomwe mtsinje wa Ilambo unawatengera achimwene anuwo, kuti uthiridwe pamanda. Akunena zoona kuti wodziwa malowo ndine ndekha. Ndine ndinawapezera ntchito yophikira alendo, ndipo ndine ndinali dalaivala pa ulendo umenewo.

Koma muwauze amvetse. Ilambo ili kumwera, mkati mwa nkhalango ya nyama, masiku awiri pa galimoto kuchokera kuno. Munthu salowamo wapansi, ndipo galimoto si yanga. Imapita komwe alendo asankha. Azungu akafika mu ofesi, abwana athu Mayi Lyimo amawaimika pa mapu aakulu a pakhoma nkuwafunsa: kumpoto, kumwera kapena kumadzulo? Ena amabwera atasankha kale m'mabuku. Ena amangoyang'ana mapuwo kukamwa kuli yasa, ndiye apo Mayi Lyimo amakuwa, "Itanani Nsajigwa awathandize!" Amati pakamwa panga pamagulitsa kuposa zithunzi.

Akapezeka alendo ofuna kumwera, mchenga ubwera. Pakali pano onse akufuna kumpoto, kukaona nyumbu zikuwoloka mtsinje.

Mupatse moni ana. Lusajo asiye kukwera mtengo wa mapeyala.

Ndine mwamuna wanu,
Nsajigwa


Arusha, 9 Ogasiti 1998

Amake Bupe,

Moni wa chikondi. Ndakondwa kumva kuti ana ali bwino ndiponso kuti ng'ombe yabereka. Mkaka wam'mawa uzipita kwa amayi, wotsala ndiye mugulitse. Ine ndili bwino. Ndaonda pang'ono, koma ndi fumbi la msewu chabe.

Mwalemba kuti, "Kodi dziko lonse la azungu palibe ndi mmodzi yemwe wofuna kumwera?" Mawu amenewa andibaya, koma ndiyankha. Alipo. Sabata yatha kunabwera anyamata anayi a ku Italy, atanyamula buku lawo lomwe linawauza kuti kumwera kulibe magalimoto ambiri. Mayi Lyimo anandiitana. Ine ndinangowauza zoona. Ndinati kumwera kuli kashembe woluma mpaka kubowola malaya. Ndinati msewu wa ku Dodoma umathyola msana. Ndinati tchire lake ndi lowirira, mkango ukhoza kugona pafupi ngati pano ndi pakhomo apo inu osauona, pomwe ku Serengeti mumauona muli kutali, uli pamwala ngati waitanidwa. Anayang'anana, natseka buku lawo, ndipo tinapita kumpoto. Anabwerako osangalala. Sindinaname mawu ndi amodzi omwe.

Koma tikutsuka magalimoto, Mollel, dalaivala mnzanga wamtali uja ndinakuuzani, anayamba zake.

"Aise Nsajigwa, kumwera kuja unasiyako mkazi wapathupi kapena?"

"Usandiyambe, iwe."

"Ayi, ndikungofunsa. Chaka chino wabweza magulu asanu. Ine ndikuwerenga. Kashembe ameneyu ndi wa chaka chino chokha? Chaka chatha unkatitopetsa ndi kumwera kwakoko, milambe, milambe, ngati unadzala ndiwe."

Onse anaseka. Kenaka wina anamugwira mkono Mollel, naye anakumbukira, nangoti, "Pepa, mbale wanga." Kupepesako kunandiwawa kuposa kusekako.

Wophika amene ndikuyenda naye tsopano ndi bambo wina wa ku Tanga, a Shabani. Amaphika bwino, koma akuti ndine wovuta. Tikafika pomanga matenti ndimawasunthitsa kawiri katatu, ndikufuna pamtunda. "Bambo Nsajigwa," amatero, "mwezi uno ngakhale chule akuyenda ndi botolo la madzi, inu mukuopa chiyani?" Ndimangoseka.

Chinthu chimodzi chokha. Mukukumbukira momwe achimwene anu ankaitanira anthu ku chakudya, kugogoda poto ndi chipande katatu, kupuma, kenaka kamodzi? Masana ena ndikazimitsa injini kuti alendo ajambule, ndimamva kugogodako. Ndinawafunsa a Shabani ngati amagogoda poto. Akuti iwo amaitana ndi pakamwa. Izi musawauze amayi.

Ndine wanu,
Nsajigwa


Karatu, 6 Seputembala 1998

Amake Bupe,

Ndikulemba mofulumira, alendo akudya ndipo tikunyamuka posachedwa. Ndili bwino. Kalata yanu yonena kuti amayi asiya kudya inandipeza Lolemba, ndipo sindinakhale nayo bwino.

Pamodzi ndi kalata ino mulandira chitini cha majarini chomanga ndi mphira. Mchenga ndi umenewo. Mpata unapezeka. Musandifunse kuti ndinadutsa njira iti kapena ndinali ndi yani, ndi nkhani yaitali ndipo ndatopa. Mukaona kuti ndi wofiirira, ndi momwe ulili.

Aitaneni amalume anu a Mwakyoma achite zonse monga mwa mwambo. Ine musandidikire, nyengo ino ndi ya alendo ambiri ndipo Mayi Lyimo sangandimasule. Ndaikamo ya mpunga ndi shuga wa anthu obwera. Mpunga ukhale wa ku Kyela, mpunga wina uja alamu anga ankati ndi chakudya cha nkhuku.

Nsajigwa


Arusha, 27 Seputembala 1998

Okondedwa amake Bupe,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli moyo. Ine ndilipo.

Mwalemba masamba anayi, ndipo ndawerenga onse nditakhala m'galimoto, zitseko zotseka. Mwati amayi anawanyamula pa mpando mpaka kuseri kwa nyumba, pakati pa nthochi. Mwati anakana kuti amalume athire, anathira okha ndi dzanja lawo, pang'onopang'ono, akuti, "Gwakisa, wafika, gona." Mwati madzulo ake anadya nthochi zophika mbale yonse, ndipo kuyambira tsiku limenelo sakudzukanso nkumafunsa ngati kunja kukugwa mvula. Ndathokoza Mulungu kuti akudya.

Koma chonde, amake Bupe, muwaletse kunditamanda. Mwati amauza aliyense wobwera kudzawaona kuti mkamwini wawo ndi mwana wawo weniweni. Mwati akufuna kundipatsa mwana wa ng'ombe uja. Sindikumufuna. Mupatseni Lusajo, kapena wina aliyense. Ndikunena ndi mtima wonse, mawu amenewa akundidwalitsa.

Lachinayi ndinachita manyazi pa ntchito. Tinali ku Tarangire, dzuwa lili pamutu, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Panali kamtsinje kouma koti tiwoloke, mchenga wokhawokha, pomwe ndawolokapo kosawerengeka. Nditafika pakati ndinamva mkokomo kumtunda. Ndinaponda mafuta, galimoto inalumpha, mayi wina anamenyetsa kamera pachitsulo, ndipo ndinakaima patali ndithu. Inali ndege yaing'ono ikudutsa. Pobwerera alendo anakadandaula ku ofesi.

Mayi Lyimo anandiitana natseka chitseko.

"Nsajigwa, ukumwa?"

"Ayi, mayi."

"Bola ukanamamwa, ndikanadziwa chochita. Ukugona?"

"Ndikugona."

"Nkhope imeneyo si ya munthu wogona. Chaka chatha chinativuta tonse. Koma iwe unalakwa chiyani? Munthu anapita yekha kukatsuka mapoto kumtsinje. Ukanamumanga chingwe?"

Ndinati zikomo, ndinatuluka.

Pali kanthu kokhudza chitini chija komwe ndiyenera kukuuzani, koma osati lero. Denga la khitchini likonzedwe mvula isanayambe. Uzani a Mwaisumo abwere ndi udzu wabwino, osati wa chaka chatha uja.

Ndine wanu,
Nsajigwa


Arusha, 11 Okutobala 1998

Amake Bupe,

Moni kwa inu, kwa ana ndi kwa amayi. Ndamva kuti chifuwa chabwereranso koma mtima wawo uli m'malo. Mankhwala a kuchipatala asadumphitse, ngakhale akane.

Lachisanu kunabwera nkhalamba ziwiri za ku Holland, a Hendrik ndi akazi awo a Annelies. Bamboyo maso akutha, amayenda atagwira phewa la mkazi wake. Akuti madokotala awauza kuti chaka chamawa sadzaonanso kanthu, ndiye anagulitsa galimoto yawo kuti abwere kudzaona nyama kamodzi kokha. Analibe buku, analibe maganizo. Mayi Lyimo anakuwa dzina langa.

Ndinaima pa mapu ndi kuyamba nyimbo yanga ya masiku onse. Ku Ngorongoro, chipembere. Ku Serengeti, mikango ndi chigwa chopanda malire. Ku Manyara, mbalame zofiira kudzaza nyanja. Mayiyo ankamvetsera akuyang'ana dzanja langa, osati mapu.

"Bambo," anatero, "malo atatu mwawanena ndi mawu ambiri. Koma chala chanu chikafika pansi apa chikumalumpha. Kuli chiyani?"

"Kashembe, mayi."

"Kwathu kuli udzudzu, sitinasamuke. Kuli chiyani china?"

Bambo aja anaseka nati, "Mkazi ameneyu anali mphunzitsi zaka makumi anayi. Mungoyankha, sakusiyani."

Mayiyo anati, "Mwamuna wangayu chinthu chakutali sachiona. Chigwa chopanda malire kwa iye ndi utsi. Inuyo mukanakhala ndi ulendo umodzi wokha wotsala, mukanapita kuti?"

Amake Bupe, pakamwa panga panayankha ndisanapalole. Ndinati kumwera. Ndipo nditayamba sindinathe kusiya. Ndinawauza kuti mwezi uno madzi amatha ponseponse, nyama zonse zimatsikira ku mitsinje ya mchenga. Njovu zimakumba ndi phazi, kenaka ndi chitamba, mpaka madzi atuluke, ndipo ukazimitsa injini umamva mchenga ukuwazidwa, umamva m'mimba mwa njovu mukulira. Zikachoka pamabwera ngoma, anyani, nkhanga, aliyense nthawi yake. Kulibe galimoto ina yokuphimba, kulibe wayilesi yosokosa. Munthu wa maso ofooka akhoza kuona ndi makutu. Milambe ndi yoti akhoza kuigwira ndi manja. Ndinayankhula mpaka Mayi Lyimo anasiya kulemba nkumandiyang'ana.

Bambo aja anati, "Basi, tasankha."

Atatuluka, Mayi Lyimo anati, "Wachira kapena wapenga?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Pita, koma pofika kumapeto kwa mwezi ukhale utatulukamo. Mvula ya kumapiri sichenjeza." Ndinati zimenezo ndikuzidziwa kuposa munthu wina aliyense.

Tinyamuka Lachinayi, ine, a Shabani ndi nkhalamba ziwirizi. Mudzafunsa kuti bwanji ndikuchita mantha ndi malo omwe ndinapitako mwezi watha womwewu. Funso limenelo lisungeni, ndidzaliyankha.

Mundipempherere.
Nsajigwa


Iringa, 29 Okutobala 1998

Tumpale,

Ndakutchulani dzina lanu chifukwa sindikudziwa ngati mukamaliza kalata ino mudzafunanso kuti ndizikutchulani ndi dzina la mwana wathu. Thupi langa lili bwino. Alendo ndawakweza ndege dzulo, a Shabani abwerera ku Arusha ndi galimoto pamodzi ndi dalaivala wina. Ine ndili pa nyumba ya alendo pafupi ndi siteji ya basi.

Uthenga wanu unandipeza Lolemba pa wayilesi ya m'galimoto. Mayi Lyimo anawerenga mawu onse monga munawanenera pa foni ya ku positi ofesi. Amayi anatisiya Lachiwiri lapitalo, munawaika Lachinayi pafupi ndi a Gwakisa, ndipo mawu awo omaliza onena za ine anali akuti, "Mumuuze zikomo, ndikukagona pambali pa mwana wanga." Pepani, Tumpale. Pepani kuti munalira nokha.

Pamene mawu amenewa ankatuluka mu wayilesi, pansi pa mpando wanga panali chitini china. Ndinali nditachidzaza dzulo lake.

Mchenga womwe amayi anathira ndi dzanja lawo sunali wa ku Ilambo. Ndinautapa ku Tarangire, kuseri kwa chimbudzi cha alendo, a Shabani akutsuka mbale. Kumwera sindinapiteko mwezi wa Seputembala. Sindinapiteko chaka chonse, ndipo si chifukwa cha alendo. Magulu asanu ndi awiri ankafuna, ndinawabweza ndine. Wa ku Ilambo ndi woyera, wa timiyala tonyezimira. Amayi anamwalira akuthokoza dothi la kuseri kwa chimbudzi.

Sizinathere pomwepo. Khalani pansi.

A Gwakisa sanapite kukatsuka mapoto. Ulendo uja unali wa mzungu mmodzi wojambula zithunzi, kumapeto kwa Novembala. Mayi Lyimo ankakayika, anati nthawi yatha, apite kumpoto. Anandifunsa ine, ndipo ine ndinati sabata imodzi ilipo, ndikudziwa kumwera ngati m'thumba mwanga. Titafika ku Ilambo mzunguyo anaona pomwe njovu zimakumba, nati akufuna matenti pamchenga pomwepo, mkati mwa mtsinje, kuti m'mawa azijambula ali chogona. Malamulo salola, ndipo ndinkadziwa. Achimwene anu anandikokera pambali.

"Alamu, masiku awiri tsopano kumapiri uko kukung'anima. Tiyeni timange pamtunda."

"Kuno kwagwa dontho?"

"Madzi sachokera kuno, alamu. Inunso mukudziwa."

Mzungu ankatiyang'ana, ndipo ine ndinachita manyazi kuti wophika akundiphunzitsa ntchito. Ndinakweza mawu kuti naye amve kuti bwana ndani. Ndinati, "Inu ntchito yanu ndi mapoto. Mitsinje ndisiyireni ine." Munthu wamkulu kwa ine, amene anandiperekeza pokakufunsirani. Anatsitsa katundu pamchenga, namanga khitchini yawo pomwe ndinaloza.

Tsiku lachiwiri, cha m'ma 3 koloko masana, ndinatenga mzungu kukafuna mikango. Kumwamba kunali koyera. Ndikuyatsa galimoto a Gwakisa anabwera pawindo nati, "Mukachedwa buledi azizira." Tili kutali ndinamva mkokomo ngati malole ambiri, ndipo ndinadziwa. Pomwe tinkafika madzi anali odzaza gombe ndi gombe, ofiira, atanyamula mitengo yathunthu. Panalibe tenti, panalibe poto, panalibe munthu. Tinafufuza masiku anayi pamodzi ndi asilikali a nkhalango. Mzungu anati tinene kuti matenti anali m'mphepete, gombe linagumuka, ndipo wophika anali atatsikira kumadzi. Iye ankaopa milandu, ine ndinkaopa ntchito, koma koposa ndinkaopa maso anu. Anakwera ndege, ine ndinabwera kwanu kudzanyamula nawo thunthu la nthochi.

Lamulungu lapitali ndinapita pamalopo. Mtengo wa bwemba womwe tinamangapo chingwe cha zovala ulipobe. Njovu zinali zitakumba pomwe panali khitchini. Ndinaimitsa galimoto pamtunda, ndinawauza alendo kuti ndikufuna mphindi zochepa, ndinatsika ndi chitini. Ndinagwada pamchenga, ndinachidzaza. Ndinawauza alamu anga zonse, mokweza, ngati wamisala. Sindinamve kugogoda kwa poto, sindinamve chilichonse. Nditabwerera, bambo Hendrik anafunsa kuti ndimayankhula ndi yani. Ndinawauza. Ndi anthu oyamba kumva. Mayi aja sanandinyoze ndipo sananditonthoze. Anangofunsa kuti, "Mlongo wake akudziwa?"

Tsopano mukudziwa.

Amayi sindingathenso kuwapepesa. Ndinali ndi chaka chathunthu, ndinachitha ndikuloza azungu kumpoto. Mwatsala ndinu. Ndikufuna kuima pamanda awiriwo pamaso pa amalume a Mwakyoma ndi abale onse, ndinene zomwe ndalemba muno, kenaka mchenga weniweni uthiridwe. Akandilipiritsa ng'ombe, ndilipira. Akati mubwerere kwanu ndi ana, sindidzatsutsa. Mayi Lyimo ndawalembera kale, ntchito mwina yatha. Koma manda ndi a kwanu, mlongo ndi wanu, mayi ndi wanu. Ine ndasankhira anthu njira nthawi yaitali, iyi sindisankha.

Kalata ino ikwera basi ya mawa. Ine ndikwera ya Loweruka, nditsikira pa siteji ya Ushirika masana. Kunyumba sindifika. Ndikakhala pa benchi ya pasiteji ndi chitini pamiyendo, mpaka mubwere kudzanditenga, kapena mutume munthu adzatenge chitini chokha.

Ndine, ngati mukulolabe,
mwamuna wanu,
Nsajigwa